Kabolodi ka mabatani awiri: momwe tapangira chowerengera zinanazi pa Chitakale

Loweruka, 7 Juni 2025: zipangizo ndi zingwe zonama

Kagulu ndi ka ophunzira 8, ndipo palibe yemwe analembapo pulogalamu. Timakumana Loweruka lililonse m'mawa pa Chitakale ku Mulanje. Tinagwirizana kuti tisamangoyatsa timagetsi popanda kolowera, koma tipange chinthu chogwira ntchito: chowerengera zinanazi pamene zikukwezedwa m'galimoto, chifukwa wowerenga pamtima akangoyankhulitsidwa amayambiranso pa 1.

Kachipangizo kake ndi micro:bit, kabolodi ka masentimita 5 m'litali ndi 4 m'lifupi komwe BBC inagawa kwa ana asukulu ku Britain mu 2016. Tili ndi mtundu wachiwiri, V2, womwe unatuluka mu 2020. Kumaso kuli timagetsi tofiira 25, tondandalikidwa 5 kupingasa ndi 5 kutsika, ndi mabatani awiri, A kumanzere ndi B kumanja. Kumbuyo kuli batani la reset, sipika, polowetsa chingwe cha micro-USB ndi polumikiza mabatire. M'munsi muli mabowo 5 a golide olembedwa 0, 1, 2, 3V (potulukira moto) ndi GND (pobwerera moto). Ngati mwapatsidwa kakale ndipo simukudziwa mtundu wake, yang'anani m'mphepete mwa m'munsimo: V2 ili ndi timaenje pa bowo lililonse, V1 ndi yowongoka ndipo ilibe sipika.

Zomwe tayamba nazo: timabolodi 4 toyitanitsa kunja, kalikonse pafupifupi madola 20 a ku America osawerengera zotumizira, ndipo kamabwera ndi kabokosi kake ka mabatire; tilinso ndi laputopu imodzi, zingwe 4 za micro-USB zogula pamsika, K4,000 chimodzi, mabatire 8 a AAA, mawaya 10 okhala ndi tizopanira tamano mbali zonse ziwiri. Mitengo ya m'makwachayi muione ngati chongoyerekezera, mukudziwa kale momwe ikusinthira.

Pa zingwe 4 zija, 3 zinali zongotchajira. Chingwe chotere mkati mwake muli mawaya awiri a moto okha, a uthenga mulibe. Mukachilumikiza, kagetsi kofiira ka kumbuyo kwa bolodi kamayaka bwinobwino, koma pa laputopu sipaoneka kanthu. Chingwe chabwino chimachititsa kuti pa kompyuta pabwere chinthu chonga fulashi chotchedwa MICROBIT. Poyang'ana ndi maso simungazisiyanitse. Pitani ndi foni ndi laputopu kwa wogulitsa, muyese ngati zithunzi za m'foni zikuoneka, kenako mulipire. K12,000 inapita chabe.

Bolodi imodzi inabwera ndi dzina loti MAINTENANCE m'malo mwa MICROBIT. Sinali yowonongeka: chala chinadina reset polowetsa chingwe. Zulani, lowetsaninso mutagwira m'mphepete.

Polembera tasankha pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa Mu, mtundu wa 1.2, chifukwa ukangoikidwa pa laputopu sufunanso intaneti. Mitundu yakale ya 1.0 siidziwa V2. Chiyankhulo cholembera mapulogalamu ndi MicroPython, mtundu wa Python wa timabolodi ting'onoting'ono.

14 Juni: pulogalamu yoyamba

```
from microbit import *
while True:
    if button_a.is_pressed():
        display.show(Image.HAPPY)
    else:
        display.clear()
```

Mukadina Flash, batani la mu Mu lotumizira pulogalamu ku bolodi, kagetsi kachikasu ka kumbuyo kamaphethira; musazule chingwe mpaka kasiye. Ulendo woyamba zimatenga nthawi chifukwa Mu amayamba waika MicroPython yenseyo.

Laputopu ndi imodzi, choncho aliyense amayamba walemba m'kope, mnzake n'kuona zolakwa, kenako ndi pomwe amakhala pa laputopu. Zathandiza kuposa momwe tinkaganizira, kupatula chinthu chimodzi: m'kope anthu salemba mipata ya kumayambiriro kwa mzere, pomwe mu Python mipatayo ndi yomwe imasonyeza kuti mzere uwu uli pansi pa uti. Tayamba kugwiritsa ntchito makope a masamu a timabokosi, timabokosi 4 pa sitepe iliyonse.

Zolakwa za lero zinali zitatu. Kuiwala timadontho tiwiri kumapeto kwa `while True:`, kulemba `Image.happy` ndi zilembo zazing'ono, ndi mipata yosafanana. Bolodi ikakumana ndi cholakwa imayendetsa uthenga pa timagetsi tija, chilembo ndi chilembo, ndipo kuwerenga kwake n'kotopetsa. Gwirani nambala ya mzere yokha. Mukafuna uthenga wonse, tsegulani REPL mu Mu, kazenera koonetsa zomwe bolodi ikulemba, dinani reset, uoneka pa sikirini. Mukamaliza tsekani REPL, apo ayi batani la Flash silidinika.

21 Juni: kudina kamodzi, nambala masauzande

Apa ndi pomwe phunziro lenileni linali. Choyamba chomwe aliyense analemba ndi ichi:

```
n = 0
while True:
    if button_a.is_pressed():
        n = n + 1
    if button_b.is_pressed():
        display.scroll(n)
```

Kudina A kamodzi, kenako B, nambala inatuluka ya m'masauzande. Ophunzira awiri ankati batani ndi lakufa. Batani lili bwino. Funso lomwe `is_pressed()` imayankha ndi lakuti "kodi pakali pano batani lili pansi?" Chala cha munthu, ngakhale chothamanga bwanji, chimakhala pa batani pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi, pomwe purosesa ya V2 imathamanga pa 64 MHz ndipo m'kanthawi komweko imakhala itazungulira `while` uja kambirimbiri. Ulendo uliwonse ikupeza batani lili pansi, n'kuonjezera 1.

Mankhwala omwe amabwera msanga m'mutu ndi kuika `sleep(200)` pambuyo poonjezera, kuti pulogalamu igone mamilisekondi 200 (mu sekondi imodzi muli mamilisekondi 1,000). Tinalola kuti ayesedwe kuti aliyense aone yekha kuipa kwake. Wodina pang'onopang'ono amawerengedwa kawiri kapena katatu, wodina mofulumira zina zimamudutsa chifukwa bolodi inali m'tulo. Musinthe 200 kukhala 300 kapena 100, mungosamutsa vutolo kuchoka kwa munthu uyu kupita kwa uyo.

Kenako `was_pressed()`. Iyi imayankha funso lina: "kodi batani ladinidwapo chifunsireni komaliza?" Ikayankha kuti inde imaiwala, mpaka mudinenso. Kudina kamodzi kunayamba kupereka 1, kugwiriza batani kunaperekanso 1. Tinayesa ndi nyemba 50 m'mbale, kudina pa nyemba iliyonse: 50.

Koma tinayesanso mwanjira ina, wina akudina B pakati kuti aone pomwe tafika, ndipo zinatuluka 46. Chifukwa chake n'chakuti `display.scroll()` imagwira pulogalamu yonse mpaka nambala itatha kudutsa. Imasuntha mzere umodzi wa timagetsi pa mamilisekondi 150 aliwonse, ndiye nambala ya manambala atatu imadya masekondi atatu kapena kuposerapo. Mukadina A katatu m'nthawi imeneyo, `was_pressed()` imangoti inde kamodzi, ziwirizo zatayika. Pokweza zinanazi masekondi atatu ndi ambiri.

Chomwe chinakonza ndi ichi:

```
n = n + button_a.get_presses()
```

Bolodi imawerenga yokha kumbali kudina konse, ngakhale pulogalamu yanu itatanganidwa ndi zina. `get_presses()` imakupatsani chiwerengerocho n'kuchibwezera pa 0. Chenjezo: muifunse kamodzi pa kuzungulira kulikonse. Wina analemba `if button_a.get_presses() > 0:` kenako pansi pake n'kuifunsanso kuti aonjezere, ndipo nambala inangokhala pa 0, poti funso loyamba linali litakokolola kale zonse.

Njira zitatuzi musazione ngati ina ndi yabwino kuposa inzake. Iliyonse ili ndi pake, ndipo `is_pressed()` tiibwerera pa nkhani yofufuta.

28 Juni: kuonetsa nambala popanda kuyendetsa

Kudikira nambala kuti idutse kunatikwana. Tagawa timagetsi 25 tija motere: mizere iwiri yotsika ya kumanja ikusonyeza 0 mpaka 9, iwiri ya kumanzere ikusonyeza makumi, wa pakati ukusonyeza mazana. Nambala 237 ndiye kuti timagetsi 2 pakati, 3 kumanzere, 7 kumanja. Munthu amazolowera m'mphindi zochepa.

```
def onetsa(n):
    display.clear()
    for i in range(n % 10):
        display.set_pixel(3 + i // 5, 4 - i % 5, 9)
    for i in range(n // 10 % 10):
        display.set_pixel(i // 5, 4 - i % 5, 9)
    for i in range(min(n // 100, 5)):
        display.set_pixel(2, 4 - i, 4)
```

Mu `set_pixel` nambala yoyamba ndi ya kupingasa, yachiwiri ya kutsika, yachitatu ndi kuwala, kuyambira 0 mpaka 9. Kuwerenga malo kumayambira pa 0 kukathera pa 4, ndipo 0 ali pamwamba kumanzere. N'chifukwa chake talemba `4 - i` kuti timagetsi tiziyamba pansi kukwera, ngati madzi m'ndowa. Mzere wa pakati taupatsa kuwala kwa 4 kuti usasokonezeke ndi oyandikana nawo.

Zolakwa ziwiri. Wolemba `/` m'malo mwa `//` amalandira TypeError, chifukwa `/` imapereka nambala ya kadontho ndipo palibe kagetsi ka pa 3.2. Tinaphunzitsa `//` ndi `%` ndi zinanazi zomwe: 37 kuika m'milu ya 10, milu ndi 3 (`//`), zotsala 7 (`%`). Cholakwa china: poyamba panalibe `min`, ndipo titayesa kuyambira pa 598, pofika 600 pulogalamu inaima chifukwa inafuna kagetsi kachisanu ndi chimodzi pa mzere wa timagetsi 5. Yesani malire nthawi zonse; simufunika kudina ka 600, ingosinthani `n = 0` kukhala `n = 598`.

Muitane `onetsa()` pokhapokha nambala yasintha. Mukaiitana pa kuzungulira kulikonse timagetsi timanjenjemera.

Lero sitinagule kanthu.

5 Julayi: batani lakunja

Wokweza zinanazi manja ake onse amakhala otanganidwa, ndipo mabatani a pa bolodi ndi aang'ono kuposa njere ya chimanga. Pakufunika batani lalikulu loti adine ndi chigongono kapena phazi.

Kulumikiza kwake n'kosavuta: waya mmodzi kuchoka pa bowo la 0 kupita ku batani, wina kuchoka ku batani kupita pa GND. Mu pulogalamu:

```
pin0.set_pull(pin0.PULL_UP)
```

Mzerewu umakokera pini 0, bowo la 0 lija, m'mwamba, kotero `pin0.read_digital()` imapereka 1 batani likakhala losadinidwa, 0 likadinidwa. Inde, n'zozondoka. Mukaiwala mzerewu pini imakhala yokokedwera pansi, ndiye mudzaona 0 kaya mwadina kaya ayi.

Tinayamba ndi timabatani ta miyendo 4 tochotsa mu wayilesi yakufa. Ziwiri mwa bolodi zathu zinkaonetsa kuti batani ndi lodinidwa nthawi zonse. Pa timabatani timeneti miyendo iwiri iwiri ndi yolumikizana kale mkati. Tengani miyendo yoyang'anana mopingasa, ngodya ndi ngodya, simudzalakwitsa.

Vuto lalikulu linali lina. Kudina kamodzi kunkapereka 1, nthawi zina 2, nthawi zina 4, mosatsatira ndondomeko. Tizitsulo ta mkati mwa batani tikamakumana sitigwirana kamodzi n'kukhazikika; timagundana n'kudumphadumpha kwa mamilisekondi angapo, ndipo purosesa imaona kudumpha kulikonse ngati kudina kwatsopano. Pa A ndi B sitinazione chifukwa bolodi imasefa yokha. Pa batani lakunja ntchitoyo ndi yanu:

```
pano = pin1.read_digital()
if kale == 1 and pano == 0:
    n += 1
if pano != kale:
    sleep(40)
kale = pano
```

`kale` ikusunga momwe batani linalili ulendo wapitawo, ndipo iyambe ndi 1 pamwamba pa `while`. Tikuwerenga pokhapokha pomwe lachoka pa 1 kupita pa 0. `sleep(40)` uyu ndi wosiyana ndi uja tinakana pa 21 Juni: amabwera pa kusintha pokha, ndipo ali pa kusintha konse, kudina ndi kusiya komwe. Oyamba anamuika pa kudina pokha, ndipo nambala inkaonjezeka pochotsa chala, poti batani limadumphanso potseguka.

Mwaona kuti apa palembedwa `pin1` osati `pin0`. Tinasamuka titaonjezera kulira. Padzuwa timagetsi tofiirati sitioneka, ndiye tinaika `import music` pamwamba ndi `music.pitch(880, 50)` pa kudina kulikonse kuti wokweza azimva kuti zalowa. Kuwerenga kunasokonekera pomwepo. Mawu a micro:bit amatulukiranso pa pini 0 ngati simunanene mwina, ndiye batani ndi sipika zinkalimbirana bowo limodzi. Waya tinamusamutsira pa 1, mzere wa `set_pull` uja n'kuusintha kukhala wa `pin1`, nkhani inatha.

Chopondera chomwe tinapanga ndi timatabwa tiwiri, siponji ndi pepala lonyezimira la m'paketi chinang'ambika tisanafike pa 100, komanso chinkadumpha kwambiri moti ngakhale `sleep(100)` sinakwanire. Tagula swichi ya belu la pakhomo ku hadiweya, K3,500, ndi waya wa sipika mamita 2, K2,000, n'kuikhomera pa thabwa. Swichi ya belu ndi yoyenera chifukwa imabwerera yokha. Ya nyali ya m'nyumba imakhala pomwe mwaisiya.

Tizopanira tamano tija timaterera cham'mbali n'kukhudza timizere ting'onoting'ono ta golide tomwe tili pakati pa mabowo. Choopsa kwambiri ndi 3V ndi GND, zomwe zili moyandikana: zikakhudzana mabatire amatentha. Tasiya tizopanira, tamanga mawaya ndi mabawuti a M3 ndi manati ake, mutu wa bawuti ukhale waung'ono kuti usafike pa timizere ta m'mbali.

12 Julayi: moto ndi kukumbukira

Sabata yonse kunali chiperoni, ndipo magetsi anathima pakati pa phunziro. Laputopu inatipirira ola limodzi.

Za moto, mwachidule. Power bank siithandiza: micro:bit imakoka moto wochepa kwambiri moti ma power bank ambiri amayesa kuti palibe cholumikizidwa, n'kuzima okha pasanathe mphindi. Mabatire awiri a AAA amapereka mavoti 3, ndipo ndiwo oyenera. Batire la foni kapena la 18650 lochotsa m'tochi musaliyese: likadzaza limafika 4.2, pomwe malire a polumikiza mabatire ndi 3.6. La mavoti 9 ndiye kupha bolodi. Mabatire otchipa omwe tinaiwala m'kabokosi kamodzi anayamba kutuluka madzi n'kudya kasipuling'i. Tapala ndi sandipepa, ndipo tsopano timachotsa mabatire tikaweruka. Pa V2 mungathe kuzimitsa pogwiriza reset masekondi 5 mpaka kagetsi kofiira kazime.

Kabokosi ka mabatire kakagwedezeka moto umaduka kamphindi, bolodi imayambiranso, nambala n'kubwerera pa 0. Pakati pa kukweza, ndiye kutsitsa zonse. Tinakhwimitsa mabatire ndi labala, komanso tinaphunzitsa bolodi kusunga nambala mu fayilo:

```
def sunga(n):
    with open('nambala.txt', 'w') as f:
        f.write(str(n))

def werenga():
    try:
        with open('nambala.txt') as f:
            return int(f.read())
    except:
        return 0
```

`str(n)` ndi wofunika chifukwa fayilo imalandira zilembo osati nambala, ndipo `int` amabweza pobwera. `try` akuteteza ulendo woyamba, pomwe fayiloyo kulibe. Fayiloyi imakhala ngakhale mutachotsa mabatire, koma mukakopera fayilo yatsopano ya pulogalamu, ya .hex, pa MICROBIT imafufutika.

Wina anaika `sunga(n)` mkati mwa `while` popanda `if`. Tinamuimitsa msanga. Malo osungira a purosesa iyi, nRF52833, analonjezedwa kupirira kufufutidwa ka 10,000 pa chigawo chilichonse, ndipo pulogalamu yolemba mosalekeza ingawatope m'kanthawi kochepa. Ngakhale kusunga pa chinanazi chilichonse n'kuwononga. Tikusunga pakatha masekondi 3 popanda kudina, pogwiritsa ntchito `running_time()`, yomwe imanena mamilisekondi omwe apita chiyakireni bolodi:

```
if not zasungidwa and running_time() - nthawi > 3000:
    sunga(n)
    zasungidwa = True
```

Pa kudina kulikonse mulembe `nthawi = running_time()` ndi `zasungidwa = False`. Moto ukaduka pakati pa kukweza mutaya zochepa za chisungireni komaliza, osati zonse.

19 Julayi: kuyesa pa msewu

Ntchito ya mabatani tsopano ili motere: swichi ya belu kapena A kuonjezera, B kuchotsa 1 ngati chinanazi chabwezedwa, A ndi B pamodzi kwa masekondi 3 kufufuta. Pochotsa tikugwiritsa ntchito `max(0, n - button_b.get_presses())` kuti nambala isatsike pansi pa 0.

Kufufuta poyamba kunali kongodina A ndi B nthawi imodzi, ndipo dzanja lomwe linangofumbata bolodi linafufuta 143. Tsopano pulogalamu ikaona onse awiri ali pansi, pogwiritsa ntchito `is_pressed()`, imalemba nthawi n'kudikira. Wina akasiyidwa masekondi 3 asanakwane, palibe chofufutidwa. Mabatani awiriwo amawerengedwabe ngati kudina, koma A akuonjezera 1 ndipo B akuchotsa 1, ndiye zimafafanizana, bola mzere woonjezera ukhale pamwamba pa wochotsa.

Bolodi taiika m'kontena ya pulasitiki yoonekera mkati, ya chakudya cha ana asukulu, K2,500. Mabowo a waya tinaboola ndi msomali wotentha, cham'munsi kuti mvula isalowe. Chivindikiro chinkachita nthunzi mkati m'mawa. Timatumba touma tomwe timabwera m'mabokosi a nsapato tathandiza. Kontena inachepetsa kulira kwa sipika, ndiye tabowola timabowo 5 moyang'anana nayo ndi kutalikitsa kulira kufika mamilisekondi 80.

Tinayesa katatu, wina akulemba timizere m'kope pambali. Ulendo woyamba kope 120, bolodi 120. Wachiwiri kope 200, bolodi 197. Wachitatu kope 150, bolodi 150. Zitatu zosowazo tinazipeza: wokweza akaponda swichi n'kusachotsa phazi lonse asanapondenso, swichiyo siitseguka, ndiye kwa bolodi ndi kudina kumodzi kwakutali. Si vuto la pulogalamu. Taika kachidutswa ka thayala pansi pa chopondera kuti chizikankha phazi m'mwamba.

Zotsala sabata ya mawa: waya wa sipika wayamba kuthetheka pomwe akulowa mu kontena, pakufunika mfundo mkati kuti kukoka kusafike pa mabawuti, komanso galimoto yaikulu imanyamula zopitirira 599, choncho mzere wa pakati uyenera kusintha kuwala ukadutsa 500, kuchoka pa 4 kupita pa 9, kuti uwerenge mpaka 999.